Dzina limodzi, anthu osagwirizana

Munthu akanena kuti iye ndi libertarian (dzina lachingerezi lochokera ku mawu otanthauza ufulu), ine sindifulumira kumuvomereza kapena kumutsutsa, chifukwa dzinali amadzitcha anthu amene sangakhale pamphasa imodzi. Poyambirira silinali la ndale n'komwe. M'chaka cha 1789, William Belsham wa ku England analigwiritsa ntchito ponena za anthu okhulupirira kuti munthu amasankha yekha zochita zake, osati kuti zonse zimene amachita zinakonzedweratu ndi zimene zinachitika m'mbuyo. Akatswiri a filosofi akulitchulabe motero mpaka lero, ndipo wokhulupirira zimenezi akhoza kuvotera chipani chilichonse popanda kudzitsutsa.

Mpungwepungwe weniweni uli m'ndale. Joseph Déjacque, Mfalansa amene ankadana ndi boma pamodzi ndi mchitidwe woti anthu ochepa akhale eni chuma chonse, anagwiritsa ntchito dzinali mu 1857, ndipo chaka chotsatira anayamba kusindikiza nyuzipepala ya Le Libertaire ku New York. Kwa iye wopondereza sanali boma lokha ayi, komanso mwini fakitale amene wantchito amamugwadira chifukwa cha njala. Koma ku America, kuyambira zaka za m'ma 1950, dzinali analitenga anthu ofuna malonda opanda zoletsa, misonkho yochepa ndiponso boma losalowerera pa moyo wa munthu. Chipani cha Libertarian chinakhazikitsidwa kumeneko mu 1971, ndipo mu 1974 katswiri wa filosofi wa komweko, Robert Nozick, analemba kuti ntchito ya boma ithere pa kuteteza anthu ku chiwawa, kuba ndi chinyengo, komanso kuonetsetsa kuti mapangano akusungidwa. Javier Milei, amene anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko la Argentina mu 2023, ndi wa mbali imeneyi.

Maganizo anga ndi akuti mbali ziwirizi sizisiyana pa kukonda ufulu, koma pa funso la umwini wa malo, mafakitale ndi ndalama. A ku America aja akunena zoona kuti boma likakula limazolowera kulanda ndi kulamula, ndipo mbiri ikuwachitira umboni. Pamene ndimasiyana nawo ndi pamene amati mgwirizano uliwonse umene munthu wasainira ndi waufulu, ngakhale wosainayo akanagona ndi njala akanakana. Pa mfundo imeneyi Déjacque anaona patali kuposa Nozick, ngakhale kuti dziko lopanda boma limene ankalilakalaka sindikhulupirira kuti lingakhalitse.