Mawu akuti "angosiya" andikwana

Dzulo ndapsa mtima kwambiri. Tili pa siwa, mnyamata wina wa m'dera lathu amene anagwidwa ndi mowa anabwera kudzathandiza kuwaza nkhuni. Atampatsa tiyi, manja ankanjenjemera mpaka tiyiyo kutayikira pa buluku. Bambo wina wovala jekete bwinobwino n'kunena mokweza kuti, "Uyu ndi chitsiru basi. Akanafuna akanasiya kalekale." Anthu n'kuseka. Mayi a mnyamatayo anali pomwepo akutsuka mbale, anangozyolika.

Abale anga, "angosiya" ameneyu mumamutenga kuti? Munthu amene wagwidwa ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, ubongo wake wasintha. Wasintha ndithu! Mu 1954, James Olds ndi Peter Milner ku McGill University, ku Montreal, analowetsa timawaya mu ubongo wa makoswe. Khoswe akadina kachitsulo, mbali ya ubongo yomva kukoma inkagwedezeka ndi magetsi ochepa odzera m'timawayato, ndipo ankadinabe osalekeza. Ofufuza ena pambuyo pake anaona makoswe anjala akusiya chakudya n'kumangodina kachitsuloko. Ndiye khosweyo timutchenso chitsiru?

Mbali yomweyo ndi imene kachasu, chamba ndi cocaine zimakasokoneza. Zimachititsa kuti mu ubongo muchuluke dopamine, mankhwala achilengedwe othandiza munthu kumva kukoma ndi kufuna zinthu, ndipo ubongo pofuna kudziteteza umachepetsa timalo tolandirira dopamineyo. Nora Volkow, yemwe anayamba kutsogolera NIDA, bungwe lofufuza za mankhwala ozunguza bongo ku America, mu 2003, anajambula ubongo wa anthu osuta cocaine n'kupeza timaloto tachepadi. Ndiye munthuyo nsima siimukomeranso, mpira sumusangalatsanso, ngakhale kumwetulira kwa mwana wake sikumufika pamtima. Akumwa kuti angokhala ngati munthu tsiku limenelo. Mbali ya kuseri kwa chipumi, imene imauza munthu kuti "basi, ima", nayonso imafooka, ndipo imakhwima munthu akamayandikira zaka 25. Mnyamatayu anayamba kumwa ali ku pulayimale.

Inde, ulova ndi anzake oipa zinamukokera kumeneko, sindikukana. Koma panopa akudwala. Kunjenjemera kuja ndi matenda, ndipo chidakwa chikasiya mowa mwadzidzidzi popanda dokotala chimatha kugwa ngati cha khunyu, mwinanso kufa kumene. Wodwala shuga timamuseka? Wa BP timamuuza kuti "ungotsitsa wekha"? Nanga uyu timuchitirenji chipongwe pamaso pa mayi ake?

Bambo inu a jekete, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nanunso muli ndi ana aamuna.

Komanso inu ogulitsa timabotolo ta mowa waukali m'maokala, mumandinyansa. Mwana wavala yunifolomu, chikwama cha mabuku chili kumsana, inu n'kulandira ndalama yake osaphethira n'komwe. Akapenga mumakhala oyamba kumuthamangitsa pakhonde panu.