Ku Chipata wanjinga amayesedwa munthu, kuno ku Mzuzu tikukankhiridwa m'ngalande

Anzanga a ku Mzuzu amene mumapalasa njinga popita kuntchito, tandiuzani: kodi phula la mumzinda muno ndi la ndani? Ndikufunsa chifukwa Lachiwiri lapitali, pamsewu wa M1 polowera ku Luwinga, ka Sienta kodzaza anthu kanandidula kutsogolo kuti kanyamule munthu amene anaimika dzanja. Hutala sikanalize, sigino sikanayatse. Ndinafinya mabuleki onse awiri, tayala lakutsogolo n'kutsetsereka pomwe phula linalumika, ine uyo m'matope, thalauza lakuntchito lonse bii. Limu inapindika, masipoko n'kuduka. Dalaivala anatulutsa mutu pawindo n'kundikalipira kuti ndiziyenda m'mbali. M'mbali mwake muti? Phula likangotha, chotsatira ndi ngalande.

Kale zoterezi ndinkangopukusa mutu, ndinkati ndi mmene misewu ilili kulikonse. Koma mwezi watha ndinali ku Chipata, ku Zambia, kuchinkhoswe cha mphwanga, ndinadzera ku Kasungu ndi ku Mchinji n'kutulukira pa Mwami. Alamu anga anandibwereka njinga yawo kuti ndizikagulira zinthu, kuchokera ku Kapata kupita m'tauni, ndipo zimene ndinaona zandilanda mtendere mpaka lero. Msewu wawo waukulu, Great East Road, uli ndi malo a njinga m'mbali, a phula lomwelo, osalala bwinobwino. Ukupalasa, thiraki yopita ku Lusaka ikudutsa kudzanja lamanja, iwe osagwira mtima m'manja. Kutsogolo kwanga kunali bambo atamanga matumba a makala mpaka kupitirira mutu, kumbuyo mayi atabereka mwana, dengu la tomato lili pakeliyala. Aliyense akuyenda ulendo wake. Pamphambano ina galimoto inaima kudikira kuti gulu lathu la njinga lidutse kaye. Ndinacheuka kuti ndione ngati kuli wapolisi. Kunalibe.

Galimoto kuimira njinga! Inu a ku Chibavi, a ku Zolozolo, a ku Chiputula, munaionapo liti nkhani yotere?

Ena munena kuti a ku Chipata anayamba kale, ndipo n'zoona. Kumeneko kunali fakitale ya Luangwa Industries yomwe inkapanga njinga za Eagle, ndiye kwa iwo njinga ndi chinthu chakwawo, amachinyadira. Madalaivala ambiri anakulira pachishalo asanagwire chiwongolero. Koma chimene chikundiwawa n'chakuti Chipata yangokhala mzinda mu 2017, pomwe Mzuzu ndi mzinda kuyambira 1985. Kalembera wa 2018 anapeza kuti muno tinalimo anthu oposa 220,000. Imani pa Katoto m'mawa cha m'ma 6 koloko muwerenge njinga zimene zikudutsa: alonda akuweruka, amisiri atamanga sowo ndi levulo pafelemu, ana asukulu, amayi opita kukaoda masamba, ndiponso anyamata a Sacramento, njinga zakabaza za kuno, atanyamula anthu ovala masuti. Anthu ambiri a mumzinda muno amafika kuntchito pamatayala awiri opanda injini. Koma akamakonza msewu amauyeza potengera galimoto ziwiri zopatukirana, basi. Ifeyo tionere tokha.

Ndipo kumene amatisiyirako ndiye koipitsitsa. M'mphepete mwa phula ndi momwe madzi amvula amakokolola, kusiya mano akuthwa odya matayala. Ndi momwe mumagwera mabotolo osweka, misomali ndi mchenga. Ndi momwe minibasi zimaimika popanda siteji, ogulitsa chimanga chootcha amayala mbaula, ndipo oyenda pansi, amene nawonso alibe kwina kopita, amadzazana. Mvula ya kuno mukuidziwa, siidziwa kusiya, imatha kufika mpaka mu Meyi anzathu a ku Lilongwe atakolola kale. Dzenje likadzaza madzi sudziwa ngati ndi lofika m'kakolo kapena m'bondo. Mu Juni ndi Julayi, chifunga cham'mawa chimabisa wanjinga mpaka galimoto itafika pamsana, zala zitauma ndi chisanu moti kugwira buleki kumachita kuwawa. Ine ndimachokera ku Mchengautuwa, ndipo ndisanafike paphula ndimakhala nditaima kale kuchotsa matope ofiira m'madigadi ndi kamtengo, apo ayi tayala silizungulira.

Pali zina zoti ndivomere. Ku Chipata kumatentha. Mu Okutobala munthu wopalasa kumeneko amafika kuntchito malaya atamatirira pamsana, pomwe ife kuno, pamtunda wa mamita oposa 1,200, timafika tili owuma ngakhale titakwera chitunda. Mphepo yam'mawa ya kuno, ikadutsa m'mitengo ya paini, palibe amene angaigule ndi ndalama. Komanso kabaza wawo sangafanane ndi Sacramento wathu. Anyamata athu amaisamala njinga: khushoni yofewa pakeliyala, pogwira wokwera, popondera, magalasi, belu lolira bwino, mphonje zamitundumitundu. Amisiri athu okonza njinga nawonso ndi akatswiri. Amene anandiwongolera limu Lachiwirilo amakhala pansi pa mtengo, zida zake ndi sipanala, pampu, beseni la madzi loyesera chubu ndi kabotolo ka solushoni. Anaitembenuza njinga matayala m'mwamba, n'kumazungulitsa limu uku chala chachikulu chili pambali pake kuti amve pomwe yakhota, akumanga sipoko imodzi, kumasula ina. Tayala linabwerera mwakale ndisanamalize kudya chinangwa chimene ndinagula pomwepo. Pamenepa Chipata sitiiopa.

Ndiponso njinga sindingaisiye. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya minibasi inakwera, anzanga akuntchito anayamba kudumpha nkhomaliro kuti apeze yokwerera. Nthawi imene mafuta ankasowa, galimoto zitandandalika pamafilingi siteshoni usiku wonse, ine ndinkafika kuntchito nthawi yake tsiku lililonse. Ndalama imene ikanathera paulendo ndi imene imagula ufa kunyumba kwanga. N'chifukwa chake zimandipweteka kuti chinthu chimene chikupulumutsa mabanja ambiri chonchi chikuonedwa ngati chosokoneza pamsewu.

Za ku Tanzania sindichulukitsa. Amene mumakaoda katundu kudzera pa Songwe mukudziwa kuti ku Kyela n'kwachidikha, njinga zimayenda zokha zitasenza matumba a mpunga, koma ukafika ku Mbeya ndi phokoso la bodaboda (njinga zamoto zakabaza) ndi bajaji (zamatayala atatu) lokhalokha, wakapalasa alibe mawu. Kumeneko ndi kumene tikulowera ifenso, mmene njinga zamoto zachulukira muno. Ku Mozambique nako, mzinda wa Quelimane umadziwika ndi njinga zakabaza, ndipo meya wake Manuel de Araújo anatchuka chifukwa choyenda panjinga. Kuno bwana akangoonekera panjinga anthu amayamba kunong'onezana kuti zinthu zamuthina.

Musandiuze kuti Malawi sangathe. Msewu wa M5 wotsetserekera ku Nkhata Bay, makilomita 47 aja, ataukonzanso anausiyira mapewa a phula, ndipo amene amabwera ndi nthochi ndi chinangwa kuchokera ku Mpamba amapalasa pambali osalimbana ndi basi. Ngati zinatheka m'mapiri okhotakhota amenewo, zikanike bwanji pakati pa Katoto ndi Luwinga, pomwe pali yunivesite, chipatala chachikulu ndi mafakitale? Pamenepo pamadutsa ophunzira, anamwino, ndi anthu onyamula chakudya cha odwala m'makontena atamangirira pakeliyala ndi mphira. Tikupempha mita imodzi ndi theka ya phula mbali iliyonse, mzere woyera wooneka, ndi malo oti minibasi ndi ma Sienta aziimapo osatidula kutsogolo. Amene muli m'makomiti a chitukuko m'madera mwanu, nkhaniyi kaitchuleni pamsonkhano wotsatira, ndipo anyamata a Sacramento tiwaitanenso, chifukwa iwo ndi amene amakhala pamsewupo kuyambira m'bandakucha mpaka mdima.