Maganizo anga: mzere sunalakwe, chinalakwa ndi malimidwe

Tikamakamba za kukokoloka kwa nthaka, ena amati atsamunda ankadziwa kusamala nthaka koma makolo athu ndiwo anali osamva. Ine ndikukana.

Lamulo la zachilengedwe la 1946, lomwe analikhwimitsa nthawi ya Bwanamkubwa Geoffrey Colby itadutsa njala ya 1949, linkakakamiza aliyense kusiya matutu, kuunga mizere yopingasa, kuika ngonyeka ndi kukumba milambala. Wokana ankalipira chindapusa, kumangidwa, mwinanso kuzuliridwa mbewu. Anthu ankangoti "malimidwe".

Pamalo otsetsereka mzere wopingasa ndi wabwino ndithu, umagwira madzi kuti alowe pansi. Koma umafuna kalozera, mzere wotsogolera mizere inayo, woyezedwa bwino. Mlambala ukapendekera pang'ono pokha, madzi onse amathamangira pamalo amodzi otsika, amaphulika, nkugumula mizere yonse yakumunsi. Munda umene unalibe chigwembe umayamba kukhala nacho. Tangoganizani mlimi woona zimenezi, kenako kapitawo nkumulipiritsa.

Ku Chigwa cha Shire ndiye kunali kusamva kwenikweni kwa boma. Malo ndi athyathyathya, kotentha, mvula yochepa, dothi lina lamchenga. Mzere kumeneko umauma msanga kuposa nthaka yosaunga, mbewu nkufota. Alimi a ku Chikwawa ndi Nsanje ankadziwa zimenezi, nchifukwa chake anakana mpaka anthu anautcha mkanganowo nkhondo ya mitumbira, kutanthauza mizere.

Nanga ankakumba ndani? Ntchito inkagwa m'chilimwe nthaka ili gwa, amuna ambiri ali ku Joni ndi ku Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero). Khasu linali m'manja mwa amayi ndi okalamba.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi Thyolo ndi Mulanje. Anthu sankalima m'mapiri chifukwa cha umbuli. Malo abwino anali m'maesiteti, ena osalimidwa nkomwe, eni dziko ali pa thangata. Boma linkayeza kutsetsereka kwa munda koma osafunsa chimene chinakankhira munthu kuphiriko. Mu 1953 Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu itauza anthu ake kuti asatsate malamulo a malimidwe, inachotsedwa pampando, ndipo chaka chomwecho ku Thyolo kunabuka zipolowe.

Alangizi a lero, musanalamule mizere yotalikirana masentimita 75 kapena udzu wa vetiva pa kalozera, yambani mwafunsa mwini munda kumene madzi amadutsa mvula ikagwa, komanso ngati mundawo ndi wake kapena wobwereka. Wobwereka chaka chimodzi sangabzale vetiva.