Chenjezo kwa anyamata a ma Subaru ndi ma Altezza, komanso makolo amene mukuwapatsa makiyi

Ana inu tamverani, ndikuyankhula ngati kholo lanu. Izi mukuchita mumsewu usikuzi, kuliza injini pa maroboti kenako kutaya klachi kamodzi kuti matayala alire anthu akucheukireni, sikudziwa kuyendetsa ayi. Laisensi mwatenga dzulodzuloli, ku driving school mumaphunzirira kagalimoto kofooka, lero mwakhala pa Subaru ya turbo kapena Altezza ya manual ndiye mukuona ngati nzofanana. Ka Vitz ka 1.0 kali ndi mphamvu ya injini (horsepower) cha m'ma 70, Subaru WRX STI yochokera ku Japan cha m'ma 280, kuchulukitsa kanayi, koma phazi lanu ndi lomwe lija limazimitsa galimoto ponyamuka pa chitunda.

Klachi si switchi yongoyatsa ndi kuzimitsa. Mkatimo muli puleti imene imakanikizidwa pa flywheel, chimbale chachitsulo chimene injini imazungulitsa, puletiyo ndi imene imalumikiza injini ndi giyabokosi, ndiye mukamakweza phazi pang'onopang'ono pali pamene puletiyo imayamba kugwira, injini imasintha kaliridwe galimoto nkumanjenjemera pang'ono kufuna kupita. Pamenepo ndi pomwe phazi lakumanzere liyenera kupadziwa lokha osaganiza. Pitani pabwalo popanda anthu ndi munthu wamkulu pambali panu, ikani giya wani, nyamukani ndi klachi yokha osaponda moto nkomwe, imani, bwerezani mpaka mwendo uwawe. Mukatha apo pitani pa chitunda muphunzire kunyamuka ndi handibuleki osabwerera m'mbuyo. Ndipo chotsani phazi pa klachi mukasintha giya! Kuligoneka pamenepo kapena kuimika galimoto pa chitunda ndi hafu klachi ndi komwe kumabweretsa kafungo kopserera kaja, puleti ikutha imeneyo.

Koma puleti ndi ndalama chabe, amakaniko asintha. Chondiwawa ine ndi china. Altezza ndi ma BMW ambiri amakankha ndi matayala akumbuyo, mukatsitsa giya pakona nkutaya klachi mwankhanza matayala akumbuyo amasiya kugwira tala, kumbuyo kumabwera kutsogolo, ndipo mwana amene sanazionepo amangoponda buleki ndi mantha zinthu nkuipiratu. Mvula yoyamba ya Novembala ikasakaniza fumbi ndi oyilo wa pamsewu ndiye kumakhala koterera zedi. Turbo nayo imayamba ngati yaulesi kenako mphamvu yonse imabwera nthawi imodzi, wosazolowera imamudzidzimutsa. Ena mukumatsika Chiweta kapena Thabwa mutaponda klachi kapena mutachotsa giya nkuika fili ati kusunga mafuta, zopusa zimenezo, injini ndi imene imathandiza kugwira galimoto potsetsereka, mukaichotsa mabuleki okha amatentha mpaka kusiya kugwira.

Pa 100 km/h galimoto imayenda pafupifupi mamita 28 pa sekondi imodzi. Liwiro likawirikiza kawiri mtunda woti mabuleki aimitse galimoto umachulukitsa kanayi, kaya ndinu katswiri kaya ayi. Ndiye taganizani M1 yathuyi pa Lizulu tsiku lamsika, amayi ali ndi kabichi ndi mbatatesi m'mphepete mwa tala, akabaza, ana akusukulu, mbuzi, anthu amenewa sanakulakwireni chilichonse ndipo nawonso akudikiridwa kunyumba.

Makolo anzanga, apa inunso musathawe. Mwana sapatsidwa nkhwangwa asanadziwe kugwira mpeni, nanga inu mukumugulira galimoto yotere chifukwa wakhoza mayeso, simunakwerepo naye ngakhale kamodzi kuona mmene amanyamukira, mmene amalowera pakona, ngati amamanga lamba, ngati akumwa mowa akatuluka ndi anzake? Tengani makiyiwo lero. Ayambe ayendetsa kagalimoto kakang'ono ka manual inu muli pampando wapambali, masana, usiku ndi pamvula pomwe, ndipo inayo ikhale kaye m'galaja mpaka mutaona ndi maso anu kuti phazi lake lakhazikika.