Nyanja si Senga Bay yokha abale

Tafika dzulo usiku, galimoto ikadali ndi mchenga wa ku Chintheche, ndiye ndati ndilembe zili kumtimazi zisanazizire.

Ife a mu Lilongwe tikati tikupita kunyanja timatanthauza chinthu chimodzi basi. Kudzuka Loweruka, kudzaza cooler box ndi nyama ndi zakumwa zogula mtauni momuno, kutsika M14 mpaka Salima, Senga Bay, kuwotcha nyama, zithunzi za pa Facebook, Lamulungu kubwerera. Nanenso ndachita zimenezi zaka zambiri. Koma ulendo uno ine, mayi akunyumba ndi ana awiri tinatenga masiku asanu, tinalowa M5 kuloza kumpoto ndipo tinagwirizana kuti paliponse pamene mtima wafuna tiziima. Ndikunena pano, amene amangothamangira ku loji osaima m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, nyanjayo sanaione.

Poyamba tinaima pa Chia Lagoon tisanafike ku Nkhotakota. Mukudziwa paja pamlatho, anyamata atanyamula chambo m'mwamba kuimitsa magalimoto. Sindinangotsitsa windo ayi, ndinatsika n'kupereka moni. Mayi wina wachikulire anandiyang'ana n'kuti "bambo, nsomba sagula ndi changu", anatenga chambo chimodzi n'kundionetsa maso ake kuti aziwala, kenako anadina mnofu ndi chala kuti ndione ukubwerera. Zaka zonsezi ndakhala ndikugula nsomba mumsika waukulu wa Lilongwe palibe anandiuzapo zimenezi. Mnyamata wawo anatimangirira pa galasi la m'mbali kuti ziziwombedwa mphepo, ana kusangalala ngati chiyani.

Ku Nkhotakota ndinawatengera ana pa mtengo uja umene amati David Livingstone anakumanapo ndi Jumbe pa nkhani ya malonda a akapolo. Wamkuluyo ali sitandade 7, za Jumbe anangozimva m'kalasi, koma ataima pagombe ine n'kumuuza kuti apa ndi pamene anthu athu ankakwezedwa m'zombo kuwoloka nyanja ulendo wa ku Kilwa osadzabwereranso, anangoti zii. Chimodzimodzi ku Bandawe kufupi ndi Chintheche, kumene amishoni a Livingstonia anasamukira mu 1881 malungo atawavuta ku Cape Maclear, asanakwere ku Khondowe mu 1894. Tchalitchi chakale chilipo, manda aliponso. Zonsezi zili pafupi ndi msewu koma timangodutsa pa liwiro.

Chimene chandikhala kwambiri mumtima ndi usiku wa pa kamudzi kena titadutsa Dwangwa. Mdima utagwa panyanja panayaka nyali mndandanda ngati tauni yamera pamadzi. Bambo amene tinagona pamalo pawo anatifotokozera kuti amenewo ndi asodzi a usipa, pali mmodzi amamutcha siginala amakhala m'bwato laling'ono ndi nyali kukopa nsomba, anzake n'kuzungulira ndi ukonde wotchedwa chilimira, usiku onse osagona, ndipo mwera ukawomba ena sabwerako. M'mawa cha m'ma 5 tinapita padoko, maboti akufika, azimayi ndi mabeseni, kuyeza pa chigoba, ena kuyanika pa thandala, ana kutola wogwa pansi. Ndiye ndinkaganiza kuti ife msodzi ameneyu timamunenerera mpaka kumufinya pa chigoba chimodzi cha usipa, chonsecho madzulo ake tikalipira chakumwa ku loji mtengo wowirikiza osafunsa n'komwe. Izi si bwino abale, zinandiwawa.

China chimene chinandikwiyitsa, pagombe lina tinapeza mabotolo osweka ndi mapepala apulasitiki atangoti mbwee, anthu akumeneko akuti ndi alendo ochokera kutauni anachezera pamenepo. Pomwepo ndi pamene azimayi amachapa ndi kutsuka mbale, ana amayenda opanda nsapato. Ena amafika n'kutulutsa foni kumajambula anthu akusamba osapempha. Kodi munthu atabwera ku Area 25 kapena ku Kawale n'kumajambula mayi anu ali pa mpopi mungamve bwanji? Kwa ife ndi holide koma kwa eni ake pamenepo ndi pakhomo.

Za msewu sindikunamizani, M5 malo ena maenje ndi ambiri, milatho ina ndi yodutsa galimoto imodzi, kuli akabaza, mbuzi, ana asukulu, ndiye usiku osayenda. Mafuta thirani mukawapeza pa Salima, Nkhotakota kapena Dwangwa, tayala la sipeya likhale labwino, ndipo nyamulani ndalama zing'onozing'ono m'thumba chifukwa netiweki si paliponse.

Cooler box yathu tinapita nayo ili ndi madzi okha. Tinadya mpunga wa ku Nkhotakota, kondowole wa batala ku Nkhata Bay, wamng'onoyo poyamba anakana kuti ikunanda koma mawa lake anaitanitsa yekha, ndipo anabwerako ndi mpira wa labala umene anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu pa Vizara. Ulendo wotsatira tikufuna kulowera kummwera, Golomoti, kuima pa Mua, kenako Monkey Bay mpaka ku Chembe. Amene mwadutsako posachedwa tandiuzeni msewu uli bwanji.