Musaiwale a ku Sadzi ndi ku Chinamwali

Nkhani yanuyi yojambula mawu a akuluakulu a mu Zomba ndaikonda, koma mwatsamira kwambiri kwa amene ankagwira ntchito m'boma likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Amenewotu mbiri yawo ili kale m'mafayilo ku National Archives. Nanga amene ankawaphikira, kuwachapira ndi kuwatemera nkhuni kuphiri?

Pitani ku Chinamwali kapena ku Sadzi madzulo, mukakhale pamkeka ndi agogo. Mukamva Chiyao, Chilomwe ndi Chinyanja pakhonde limodzi. Alomwe ambiri makolo awo anachokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi, ndipo ena akadatchulabe midzi imene inasiyidwa kumeneko. Ana a asilikali a KAR, gulu la nkhondo la nthawi ya atsamunda, nawonso ali nazo zambiri za abambo awo amene anakamenya nkhondo ku Burma.

Koma chimene ndikufunitsitsa n'cha Napolo wa mu December 1946. Mabuku amangoti chimvula chinagumula phiri, madzi n'kukokolola milatho ndi anthu. Agogo anga aakazi ankakana zimenezo. Ankati usiku umenewo kunamveka mkokomo ngati ng'oma, chinjoka chikusamuka kupita ku Chilwa, ndipo pofotokoza ankatsitsa mawu, maso ali kuphiri. Amene anaona ndi maso atsala ochepa, ndiye fulumirani.

Amwenye a masitolo a pafupi ndi mzikiti muwafikenso. Asodzi a ku Kachulu nawo akakuuzani zomwe ankadya nyanja ya Chilwa itauma mu 1968, matemba atasowa.