Sukulu ikamatsekedwa kuno ku Joni, tikudandaula pakhomo lolakwika

Abale anga a kuno ku Joni, makamaka inu amene muli ndi ana pasukulu, ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene imavuta m'magulu athu a WhatsApp nthawi zonse kukamveka mphekesera yoti sukulu yakuti aitseka kapena aiphatikiza ndi ina. Woyamba kulemba amati tiyeni tikaonane ndi akhansala. Wachiwiri amati ayi, tilembe kalata kwa meya. Kenaka wina amaponya nambala ya foni ya ofesi ya wadi, anthu n'kuyamba kuimba. Cholinga n'chabwino ndithu, koma khomo lake si limenelo. Masabata amene timathera kumeneko ndi omwe aja lamulo linatipatsa kuti tikayankhule kumene mawu athu amalembedwa.

Sindikudabwa kuti timaganiza choncho, chifukwa ndi mmene tinakulira. Kwathu, chiyambire 1998 pamene kunabwera lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko ija ya mphamvu ku anthu, sukulu za pulayimale zili m'manja mwa makhonsolo. Denga la buloko likasasuka ndi mphepo, a komiti amapita kwa ahedi, ahedi kwa a PEA, alangizi a sukulu za m'dera, a PEA kwa a DEM, mkulu wa maphunziro paboma, nkhani n'kukafika kwa DC. Amfumu amamema anthu kuumba njerwa. Ngakhale zaka zija za 2005 mpaka 2014 pamene dziko linakhala lopanda makhansala, ofesi ya maphunziro inali pabomapo, ndipo aliyense ankadziwa njira yake. Tinabwera kuno ndi mapu amenewo m'mutu.

Kuno zinthu zinagawidwa mwina. Malamulo aakulu a South Africa anaika sukulu m'manja mwa boma lalikulu ndi maboma a zigawo. Ife tili pansi pa dipatimenti ya maphunziro ya Gauteng, imene mkulu wake pandale amamutcha MEC. Khonsolo ya mzinda wa Johannesburg ili ndi mawadi 135 ndi makhansala 270, koma palibe ngakhale mmodzi mwa iwo amene angalembe mphunzitsi ntchito, kupezera mwana wanu malo mu Giredi 1 kapena Giredi 8, kapena kuletsa kuti sukulu ya boma itsekedwe. Akhansala akhoza kukumverani chisoni, akhoza kubwera kudzajambulitsa nanu pageti, akhoza kulemba kalata ngati mmene inu mungalembere. Siginecha yotseka sukulu si yawo.

Yemwe amatseka ndi MEC, ndipo sangangodzuka m'mawa n'kukhoma loko. Lamulo la sukulu la 1996, South African Schools Act, mu gawo 33, limamuuza njira yoti atsate. Ayambe wadziwitsa komiti yoyendetsa sukuluyo, imene kuno timaidziwa kuti SGB, kuti akufuna kutseka, ndipo anene zifukwa zake. Aipatse nthawi yokwanira yoti iyankhe. Anthu a m'deralo, makamaka makolo, apatsidwe mpata wonena maganizo awo pamsonkhano wolengezedwa nthawi ikadalipo. Zimene zanenedwazo azilingalire moona, osangoti ndamva. Akatero m'pamene chidziwitso chimatuluka mu gazeti ya chigawo. Akadumpha sitepe imodzi, nkhani ikhoza kukathera kukhoti, ndipo zinachitikapo: mu 2012 boma la Western Cape litalengeza kuti likufuna kutseka sukulu 27, makolo ndi makomiti analimbana nalo m'makhoti kwa nthawi yaitali ndithu.

Taonani bwino m'ndandanda umenewu. Khansala mulibe. Muli SGB ndi makolo. Ndiye kuti muli inu.

Tsono n'chifukwa chiyani sukulu ingatsekedwe mu Gauteng momwe chaka chilichonse Januwale akafika makolo amakhala pamizere m'maofesi a distirikiti ana alibe malo? Funso limeneli ndimalimva kawirikawiri, ndipo n'lomveka. Yankho lake ndi lakuti ana sanagawike mofanana. Boma limaona sukulu ya pulayimale ya ana osapitirira 135, kapena sekondale ya ana osapitirira 200, ngati yaing'ono kwambiri moti kuiyendetsa n'kuwononga ndalama. Zambiri zotere zili m'mafamu ndi m'midzi ya zigawo ngati Eastern Cape ndi KwaZulu-Natal, koma m'malokesheni akale ngati Soweto muli sukulu zimene makalasi ena angokhala, chifukwa makolo amene angakwanitse amakweza ana awo thiransipoti mbandakucha kupita kusukulu za kumayadi. Ndipo mmene ndalama zimayendera kuno, sukulu ikayamba kuchepa ana imapitirirabe kuchepa. Boma limapereka ndalama powerenga mitu ya ana, aphunzitsi limawagawanso powerenga mitu. Ana akachoka makumi angapo, mphunzitsi mmodzi amasamutsidwa, makalasi awiri amaphatikizidwa, makolo ena ataona zimenezo amachotsanso awo. Pamene kalata ya MEC ikufika, sukuluyo inayamba kale kufa zaka zingapo zapitazo, ife tikudutsa pageti tsiku ndi tsiku osafunsa kanthu.

Sindikunena kuti khonsolo ilibe nazo gawo. Ili nalo, ndipo ndi gawo limene limandinyansa kwambiri chifukwa silifuna msonkhano wa makolo kapena gazeti. Madzi, magetsi m'madera ambiri, zimbudzi, kuchotsa zinyalala, misewu ya pafupi ndi sukulu, chilolezo cha mmene nyumba igwiritsidwire ntchito, satifiketi ya ozimitsa moto ndi ya azaumoyo, zonsezi ndi za mzinda. Sukulu ikalephera kulipira bilu, akhoza kuidulira magetsi ngati mmene amachitira ndi sitolo. Mipopi ikauma m'dera, ahedi amabweza ana isanakwane 11 koloko chifukwa zimbudzi sizingagwire ntchito, ndipo mayi amene ali paganyu ku Randburg amalandira foni yoti mwana ali panja pa geti. Papepala sukuluyo ndi yotsegula. Mwana wataya tsiku. Izi ndiye zoyenera kupita nazo kwa akhansala, ndipo pamenepa musawamvere manyazi: afunseni za thanki ya madzi, za bilu, za malo owolokera ana pamsewu.

Pali ena, ngakhale pakati pa eni dziko, amene amati bwenzi zili bwino sukulu zikanaperekedwa kukhonsolo, poti ndi boma limene lili pafupi ndi anthu. Ine ayi. Kuchokera pa zisankho za Novembala 2021, mpando wa meya wa Johannesburg wakhalapo Mpho Phalatse, Dada Morero, Phalatse kachiwiri, Thapelo Amad, Kabelo Gwamanda, kenaka Morero kachiwirinso. Mwana amene anayamba Giredi 1 nthawi imeneyo anaona mameya onsewa asanafike Giredi 5. Mzinda umene ukuvutika kukonza maloboti ndi mapaipi ophulika sindingaupatse malipiro a aphunzitsi. Chimene ndingafune n'chakuti pamsonkhano uliwonse wokamba zotseka sukulu, khansala wa wadiyo azikakamizidwa kukhalapo n'kuyankha mbali yake: ana akasamuka adzayenda msewu uti, nyumba yotsalayo idzasanduka chiyani. Tonse tikudziwa zimene zimachitikira nyumba yosiyidwa mumzinda uno.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ambiri sitifuna kuikamba, chifukwa imatikhudza ife Amalawi kuposa ya sukulu za boma. Ana athu ambiri sali kusukulu za boma. Ali kutimasukulu tapulayiveti ta m'tauni, ku Hillbrow, Yeoville, Rosettenville, Turffontein, Mayfair, tina pamwamba pa mashopu, tina m'nyumba zimene kale zinali maofesi. Tinawapititsa kumeneko chifukwa safunsa mapepala ambiri, fizi yake ndi yofikirika, ndipo amalandira mwana ngakhale pakati pa chaka. Zina mwa sukuluzi n'zolembetsedwa ndipo aphunzitsi ake amagwira ntchito ndi mtima wonse, ambiri a iwo ndi alendo anzathu. Koma zina sizinalembetsedwe kudipatimenti, chonsecho malamulo amati sukulu iliyonse yoima payokha ilembetsedwe. Sukulu yotere ikatsekedwa, gawo 33 lija silikukhudzani. Palibe msonkhano, palibe nthawi yoyankha. Lolemba m'mawa mumapeza geti lokhoma, mwini wake foni yazima, fizi ya teremu yapita, yunifolomu munagula yakhala ya pakhomo. Choipitsitsa n'chakuti lipoti la mwana silidziwika kwina kulikonse, ndiye mwana amene mumati ali Giredi 6 akhoza kubwezedwa m'mbuyo.

Zikatere timafulumira kunena kuti akutizonda chifukwa ndife obwera. Tsankho lilipo, sindikukana, ndipo tonse talilawapo. Koma abale, pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa, anthu 76 anafa, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Titaona zimene zija, ine sindingaime kumbuyo kwa munthu amene waunjika ana mazana pansanjika yachitatu, khomo lotulukira limodzi, mawindo otchinga ndi zitsulo, n'kumati ndikuthandiza alendo. Woyang'anira za moto akatseka malo otere, wagwira ntchito yake. Mlandu wanga ndi mzinda ndi dipatimenti ndi wakuti amadikira zaka, sukulu ikulandira ndalama poyera ndi chikwangwani pamsewu, kenaka n'kudzatseka pakati pa chaka opanda pokawaika anawo. Ndipo mlandu wanga ndi ife makolo ndi wakuti tikamalembetsa mwana timafunsa fizi ndi mtundu wa yunifolomu basi. Funsani satifiketi yolembetsera ndi nambala ya EMIS, imene dipatimenti imapereka kwa sukulu yolembetsedwa. Ijambuleni pafoni, mukafunse kuofesi ya distirikiti ngati ndi yoona. Mwini sukulu akayamba kukwiya ndi funso limeneli, mwayankhidwa kale.

Ndikudziwa chimene chimatithawitsa kusukulu za boma ndi kumisonkhano yake: mapepala. Wina pasipoti inatha, wina pemiti akudikirabe, wina mwana anabadwira kuno koma alibe satifiketi yakubadwa. Komatu gawo 29 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro oyambira, silinena kuti nzika zokha. Mu Disembala 2019 khoti lalikulu ku Makhanda, pamlandu umene anasuma a Centre for Child Law, linagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa mapepala. Mu Novembala 2025 khoti lalikulu kuno ku Johannesburg linaletsa gulu lodana ndi obwera la Operation Dudula kuima pamakomo a zipatala ndi sukulu n'kumafunsa anthu ziphaso. Inde, chigamulo cha khoti sichisintha nkhope ya kalaliki amene akukuyang'anani mokunyozani pawindo. Koma chimatanthauza kuti akakubwezani, wolakwa ndi iye, ndipo mabungwe ngati SECTION27, Equal Education Law Centre ndi Lawyers for Human Rights amamva nkhani zotere.

Chimene chimandipweteka n'chakuti pali chisankho chimodzi m'dziko lino chimene ife tingavote, ndipo sitipitako. Khansala sitingamuvotere, phungu sitingamuvotere. Koma SGB imasankhidwa ndi makolo a ana olembedwa pasukulupo, zaka zitatu zilizonse. Zapitazi zinali mu 2024, zikubwerazi ndi 2027. Lamulo limati makolo akhale ochuluka kuposa ena onse ovota m'komitimo, ndipo kholo si wobereka yekha, ngakhale azakhali kapena agogo amene akulera mwanayo amawerengedwa. Komiti imeneyi ndi imene imakonza bajeti n'kuibweretsa kwa makolo kuti aivomereze, imaona za amene akupempha kuchotseredwa fizi, ndipo ndi imene imalandira kalata yoyamba sukulu ikafuna kutsekedwa. Lamulo losintha malamulo a maphunziro, lotchedwa BELA, limene Pulezidenti Ramaphosa anasaina mu Sepitembala 2024 linachepetsako mphamvu za makomitiwa pa nkhani ya chiyankhulo ndi kalandiridwe ka ana, koma silinawachotse. Pali sukulu zina za kumwera kwa tauni kumene ukaima pageti nthawi yoweruka umamva Chichewa, Chiyao, Chishona ndi Chilingala, koma ukalowa mumsonkhano wa makolo Loweruka, ife kulibe. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mame ake ati amene mwana wayamba Giredi R mpaka kulemba matiriki ali pompano?

Ena mudzati Loweruka ndi tsiku la ganyu, abwana salola. N'zoona, ndipo sindikupeputsa. Koma kumaliro timapeza njira, kumisonkhano ya chipereganyu timapeza njira, kutchalitchi ndi kumzikiti timafika. Pabwalo limodzi la nyumba pakakhala mabanja asanu a ana a sukulu imodzi, mmodzi akhoza kupita n'kudzafotokozera anzake, ulendo wina n'kupita wina.

Ndipo mukapita kumsonkhano wokamba zotseka, musakangolira kuti sukulu yathu, sukulu yathu. Amene akulemba maminitsi amafuna mfundo zoti MEC akakamizike kuziyankha. Funsani dzina la sukulu imene ana akupita, ndipo ngati ili ndi malo m'giredi iliyonse. Funsani mtunda wake, poti thiransipoti ya boma kuno nthawi zambiri imaperekedwa kwa ana oyenda makilomita 5 kapena kuposa, ndiye amene ali pa makilomita 4 adzalipira ndani? Funsani ngati sukulu yatsopanoyo ndi yaulere kapena yolipira, ngati chakudya cha kusukulu chiliko, ndiponso chiyankhulo chimene amaphunzitsira, chifukwa mwana amene wazolowera Chingerezi ndi Chizulu akakamuika kumene chiyankhulo chachiwiri ndi Chiafirikanzi kapena Chisutu ali Giredi 6, mudzamuona akubwerera m'mbuyo. Funsani za yunifolomu, ngati adzaloledwe kuvala yakale mpaka chaka chithe. Lembani dzina lanu m'kaundula wa obwera, ndipo zimene mwanenazo muziperekenso polemba, kope ina musunge.